Mmene Mungachezere Usiku Wonse Osaonera Filimu

Mukapita kokabanitsa filimu pa Madziabango, musamuuze mnyamata wa pakompyuta uja kuti kunyumba muli ndi makina anji. Akakufunsani, kwiyani. Muuzeni kuti mukufuna yowala kwambiri, ya 4K, ngakhale TV yanu ndi yachimsana ija munagula Bingu asanalowe m'boma. Akuikirani ya MKV mu fulashi. Madzulo, ana a aneba atadzaza kale pamkeka, DVD idzalemba Chingerezi chake chokana. Apa zulani fulashi, muiuzire, muibwezere. Ikakanabe, iombeni mbama DVD-yo, kenako mukalipire mwana amene anaigwira komaliza.

Alipo anthu odzimva sukulu amene angakuuzeni kuti MP4, MKV ndi AVI ndi matumba chabe, ndipo thumba lolembedwa feteleza likhoza kukhala ndi gaga m'kati. Akuti nkhani yagona pa mmene filimuyo anaifinyira. H.264, yomwe inatuluka mu 2003, mafoni ndi ma TV ambiri amaidziwa. H.265 ya 2013 imafinya zolimba moti filimu imachepa pafupifupi ndi theka, koma DVD yakale ya kabowo ka USB sinaimvepo n'komwe. Iyo imadziwa DivX ndi Xvid za mu AVI, basi. Anthu oterewa musawamvere. Inu ingofufutani "mkv" kumapeto kwa dzinalo, mulembepo "avi". Makina akakanabe, ndiye kuti ndi amwano.

Nthawi zina zithunzi zimaoneka koma mawu ayi, chifukwa nawonso mawu ali ndi kafinyidwe kawo, monga AC3 kapena DTS, kamene makina ena sakamva. Uwu ndi mwayi wanu, bambo. Imani pambali pa TV muyambe kumasulira nokha, Jet Li azilankhula Chichewa ngati ku vidiyo sho. Nkhani yake simukuidziwa, inde, koma nawonso oonerawo sakuidziwa.

Fulashi ya 32GB ikakana filimu ya 5GB ili yopanda kanthu, fulumirani kunena kuti wogulitsa anakuberani. Musalole wina akuuzeni kuti fulashi ya FAT32 silandira fayilo yopyola 4GB. Mukaisintha kukhala exFAT filimuyo ilowa bwinobwino, ndipo DVD yanu isiya kuiona fulashi yonseyo.

Agogo a foni ya mabatani apatseni 3GP. Nkhope zimasanduka timabokosi, moti Van Damme ndi mdani wake sasiyana, choncho agogo akhoza kuchemerera aliyense amene wapambana.

Mwana wa Fomu 2 akati aike VLC pafoni, kapena abwerere kwa mnyamata uja akaitembenuze filimuyo kukhala AVI, muuzeni kuti mwana salangiza akulu. M'mawa mulawire, mukwere minibasi kudutsa m'tauni mpaka ku Lirangwe, mukabwereke DVD ya alamu anu, imene munagulira limodzi tsiku limodzi m'sitolo imodzi.