Magazi obiriwira sawerengedwa

Okonda mafilimu a zilombo za kumlengalenga ali pachisoni, ndipo ine, poti maliro a eni sindiphonya, ndalowa nawo m'siwa. Chatigwera n'chakuti filimu yatsopano ya Predator, yotchedwa Predator: Badlands, yomwe inatuluka pa 7 November 2025, anaipatsa chizindikiro cha PG-13.

Amene simuzitsata izi ndikuuzeni. Ku America kuli bungwe la makampani opanga mafilimu, la Motion Picture Association, lomwe kuyambira 1968 limaika zilembo pa mafilimu pouza makolo msinkhu woyenera kuonera. Chilembo cha R chimati wosakwana zaka 17 asalowe yekha, abwere ndi kholo kapena wamkulu womuyang'anira. PG-13 ndi chenjezo chabe: makolo samalani, zina zili m'katimu mwina sizoyenera ana osafika zaka 13. Pakhomo palibe amene amafunsa mwana tsiku lobadwa. Akakhala ndi ya tikiti, walowa.

Ndiye taganizani. Chilombo chija chinkasenda asilikali khungu mu 1987 n'kuwapachika chadodolido m'mitengo, chija chinkazula chigaza cha munthu pamodzi ndi fupa lamsana n'kukachipukuta kuti chiwale, chija chinam'thamangitsa Arnold Schwarzenegger mpaka kudzipaka matope thupi lonse, lero akuti mwana wa Sitandade 7 angathe kuchionera akutafuna mbuliwuli.

Kometa tsitsi kwathu kuno nkhani inali yomweyi Loweruka lina. Wometa anachita kuzimitsa makina.

"Achimwene, a Disney atithera chilombo," anatero. "Chigulireni kampani ya Fox mu 2019 ndinadziwa kuti zidzafika apa. Mawa mudzamva kuti Predator akuimba nyimbo ndi Mickey Mouse."

Mnyamata wina amene amadziwa zonse, wa magalasi opanda mankhwala, anatsutsa. Anati a Disney omwewo ndi amene anatulutsa Deadpool & Wolverine mu 2024, ya R, yotukwana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo inapanga ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni. Anawonjeza kuti wotsogolera filimu yatsopanoyi, Dan Trachtenberg, ndi yemwe uja anapanga Prey mu 2022, nayo ya R, yomwe tonse tinaiombera m'manja. Mdala wina amene amangobwera kudzatchaja foni anamudula pomukumbutsa za Alien vs. Predator ya 2004. Imeneyo inali PG-13, ndipo kamera inkatembenuka nthawi iliyonse chinthu chikati chichitike. Mdalayo mpaka lero sanakhululuke.

Amene anakweza mawu kuposa onse ndi ine. Mutu uli wometa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi, ndinaimirira n'kulengeza kuti Predator wopanda magazi ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo ine ndalama yanga sindingaitayire zimenezo. Palibe anafunsa kuti ndalama yake iti. Tonse m'chipindamo timadziwana: filimu imeneyi tidzaionera pafoni, atatithirira mnyamata wa pabenchi kumsika, patapita miyezi, mwinanso mitu ya anthu a dziko lina ikudutsa kutsogolo kwa chithunzi.

Koma chifukwa chimene eni filimu apereka ndi chimene chandisowetsa tulo. Akuti m'filimu yonseyi mulibe munthu ngakhale mmodzi. Mwini filimu ndi Predator yemweyo, wachinyamata, dzina lake Dek, wonyozeka kwawo chifukwa chochepa thupi, amene akupita ku dziko loopsa kukasaka chilombo choposa iye kuti abale ake amuyese kanthu. Mnzake wa paulendo, yemwe akuseweredwa ndi Elle Fanning, amaoneka ngati mkazi koma ndi makina a kampani ya Weyland-Yutani, ija ya m'mafilimu a Alien. Tsono magazi a Predator ndi obiriwira, owala mumdima. A anthu amakinawo ndi oyera. Ofiira mulibe. Choncho dulani mikono, thyolani misana, falitsani matumbo pabwalo ponse. Bola chotuluka chisakhale chofiira, ana aonere.

Ndakhala ndikulingalira za anthu amene amagamula zimenezi. Ndi kagulu ka makolo, ku Los Angeles, kamene ntchito yake n'kukhala mumdima tsiku lonse kuonera mafilimu n'kumavota. Ntchito imeneyi ine ndinaiyamba kalekale, kungoti sindilandira malipiro. Malamulo awo ena ndi odabwitsa. Liwu lotukwana lalikulu lija la Chingerezi, loyamba ndi F, kawirikawiri amalola kuti limveke kamodzi kokha mu PG-13. Likabwerezedwa, filimu yalowa R. Kamodzi! Atati abwere ndi kope lawo pa siteji ya minibasi m'mawa, oitanira akulimbirana pasinjala mmodzi, siteji yonse ingatsekedwe dzuwa lisanatuluke.

Chizindikiro cha PG-13 chomwechi chinabadwa ndi madandaulo a makolo. Mu 1984 kunatuluka Indiana Jones and the Temple of Doom, momwe wansembe amazula mtima wa munthu wamoyo ndi dzanja, komanso Gremlins, momwe mayi wina amaphulitsa kachilombo mu microwave. Onse awiri anali a PG, ndipo ana anatuluka m'makanema akulira. Steven Spielberg, yemwe dzanja lake linali m'mafilimu onse awiriwo, anapempha Jack Valenti, mkulu wa bungwe lija, kuti pakhale chizindikiro chapakati. Chaka chomwecho Red Dawn inakhala yoyamba kutuluka nacho. Opanga mafilimu sanachedwe kuona kuti pakatipo ndi pomwe pali ndalama: achinyamata amalowa okha, m'magulumagulu, ndipo amabwereranso. Wometa wathu akamati nkhani ndi ndalama sakunama, kungoti amaiwala kuti nayenso anakweza mtengo wometa ana.

Tsopano funso limene palibe analifunsa Loweruka lija: ife olira R, Predator woyamba tinamuonera tili ndi zaka zingati? Ine ndinali ku pulayimale, kabudula wong'ambika kumbuyo. Malo ake anali vidiyo ya m'dera lathu, kachisakasa ka matabwa ndi ziguduli, bolodi lolembedwa ndi choko panja, sipika ikulira mpaka kuchigayo. Pakhomo pankakhala mkulu wina ndi mbale ya makobiri, ndipo msinkhu umene iye ankaudziwa unali wa kobiri basi. Wopanda ndalama ankasuzumira pa kabowo, kwaulere, mpaka am'thire madzi m'diso. Mmenemo ndi momwe tinaphunzirira za Rambo, Chuck Norris ndi Jean-Claude Van Damme. (Van Damme yemweyo ndi amene poyamba analembedwa ntchito yovala chigoba cha Predator mu 1987, asanalowedwe m'malo ndi Kevin Peter Hall, chimunthu chotalika mamita oposa awiri. Izi ndimazinena paliponse pamene pali anthu, ngakhale pa chinkhoswe.)

Magazi amene ndikuwalirirawo, kunena zoona, ndinawaona pang'ono. Mbali yaikulu ya filimuyo ndinaionera m'mipata ya zala. Chimene ndinatuluka nacho ndi kaphokoso kaja chilombocho chimachita kukhosi chikakhala mumtengo. Kwathu chimbudzi chinali kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo nyengo yonse ya mango imeneyo mchemwali wanga ankandiperekeza usiku ndi koloboyi, pa mtengo wa theka la chigumu changa cha mawa lake.

Lero bungwe loona za mafilimu m'nyumba mwanga ndine, chifukwa rimoti imakhala ndi ine. Malamulo anga ndi osiyana ndi a ku Los Angeles. Mfuti zilire, nyumba ziphulike, anthu agwe mazanamazana, ine ndi ana tili phee, wina akupempha kuti tibwezere pomwe galimoto inagubuduka. Koma mwamuna ndi mkazi angoyang'anana nthawi yaitali, nyimbo n'kuyamba kufewa, pabalaza pamagwa ngozi. Ndimayamba kutsokomola. Rimoti imasowa, ndaikhalira. Wamkulu ndimam'tuma kukaona ngati geti yatsekedwa, wamng'ono kukatunga madzi akumwa, wapakati kukaitana amene anapita kugeti. Apongozi akakhalapo ndimatuluka ndine, kukaona geti yomweyo.

Pa muyeso umenewu Badlands yakhoza kale. Mkazi wamakina uja anaduka pakati, miyendo alibe, ndipo Dek amachita kum'bereka kumsana. Komanso kamwa ya Predator mukuidziwa, ija imatseguka mbali zinayi, mano ali panja. Palibe wotsogolera filimu, ngakhale wolimba mtima chotani, angayerekeze kuika kupsopsonana pamenepo. Chimene ndikuopa ndi anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Amenewo akaigwira, Dek adzakhala wa ku Ntcheu, chilombo chachikulucho adzachitcha alandilodi, ndipo mawu amene makolo a ku Los Angeles anawerenga mosamala adzachuluka mwadzidzidzi.

Madzulo a Loweruka lomwelo ndinaibweretsa nkhaniyi pa mphasa, ndikuyembekeza kuti banja lindigwira pamtima. Mayi a kunyumba anandimvetsera mpaka kumapeto, akusenda nthochi.

"Ndiye abambo, chimene mukudandaula n'chakuti simuona magazi ofiira?"

"Eya. Ndi nkhani ya mwambo wa filimuyo."

"Inu nomwe? Amene pa Khirisimasi munakaitana mwana wa aneba kuti atiphere nkhuku, inu n'kukaima kuseri kwa bafa?"

Ndinafotokoza kuti tsiku limenelo mpeni unali wobuntha. Mwana wanga wachisamba, wa zaka 12, anaona mpata. Anati kusukulu anawauza kuti zilembo za PG zimafuna kuti kholo likhale pafupi kuti lizitsogolera mwana, choncho iye adzaonera nane.

"Adadi, musadandaule, pakafika poopsa ndizikuuzani kuti mutsinzine."

Mayi ake anavomera, koma anaika malamulo awiri: tidzaonere masana, ndipo batire la tochi ndidzagule ndekha, chifukwa iwo zoperekeza munthu wa ndevu kuchimbudzi usiku sadzachita.