Walira Mvula Walira Matope

Makolo athu, amene sadaiwonepo nyanja yamchere kapena kumva kulira kwa sitima yapamadzi, koma anali ndi maso openya patali kuposa ife ovala magalasi, adatisiyira mwambi wakuti walira mvula walira matope. Ine, amene ndidaumva mwambiwu ndili mwana, agogo akundidzudzula chifukwa chodandaula kuti njira ya kudimba yaterera, ndinkayesa kuti ukunena za mvula yeniyeni ndi matope enieni, kufikira chaka chimene mlamu wanga, mlimi wa nandolo wa ku Phalombe, adagwidwa ndi mzimu wa malonda akunja.

Munthuyu, atatopa ndi sikelo za mavenda, zimene zimapepuka pogula ndi kulemera pogulitsa, adamva kuti mu 2021 boma la India lidapangana ndi la Malawi kuti lizilandira matani 50,000 a nandolo chaka ndi chaka kwa zaka zisanu, pakuti anthu a kumeneko amaphika nandolo wosenda monga ife tiphikira chipere. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, adamema anzake a m'kalabu, nasonkhanitsa matumba 480 a makilogalamu 50, okwanira kudzaza kontena imodzi. Ndipo wogula wa ku Mumbai atavomera mtengo, mlamu wanga adavina pabwalo ngati mnyamata, nati mvula yake yagwa. Indetu idagwa, koma taonani, kunja kusanache matope anali atafika kale m'maondo.

Choyamba padafunika invoisi, yonena wogulitsa, wogula ndi mtengo, pamodzi ndi mndandanda wa matumba ndi kulemera kwake. Pamenepo mlamu wanga adaphunzira chodabwitsa, chakuti mbewu imene makolo ake adaitchula nandolo chiyambire, m'buku lalikulu la akasitomu a dziko lonse lapansi, amene likulu lawo lili ku Brussels, imadziwika ndi nambala, ndiyo 0713.60, ngati wandende. Kenaka padafunika chiphaso cha thanzi la mbewu, chochokera kwa akatswiri a zaulimi, onga a ku Bvumbwe ndi ku Chitedze, chochitira umboni kuti m'matumbamo mulibe anankafumbwe ofuna kukaona dziko la eni mwaulere. Kotero kuti munthu amene iye mwini sadapimidwepo kuchipatala chibadwire adaima chilili, mtima uli m'mwamba, kudikira zotsatira za nandolo wake. Pamwamba pa chimenecho padadza china chotsimikiza kuti matumbawo adafukizidwa mankhwala, ndi chinanso chonena kumene katunduyo adabadwira, pakuti masiku ano ngakhale nyemba iyenera kutchula kwawo, monga mkamwini atchula mudzi ndi mfumu yake asanapatsidwe mphasa.

Ku banki adamupatsa fomu yotchedwa CD1, imene ili lumbiro lakuti ndalama zakunja zimene nandoloyo adzabale zidzabwerera kumudzi. Pakuti a Reserve Bank adziwa bwino kuti ndalama ili ndi mtima wa anyamata akale a ku Joni, amene ankatsazika kuti akukagula njinga ndi bulangeti, koma nkutchona zaka makumi atatu. Pambuyo pake ajenti woyendetsa mapepala a katundu adalowetsa zonsezi m'kompyuta ya akasitomu a MRA, kuti thiraki yonyamula nandoloyo iloledwe kutuluka pachipata cha Mwanza. Ndipo itangoponda pa Zobue mapepala adayamba kulankhula Chipwitikizi, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka ku doko la Beira. Kumeneko eni sitima adalemba mfumu ya mapepala onse, bill of lading, imene kawirikawiri imatuluka itatu yofanana ngati mafuwa, ndipo ili ndi ulemerero wotere, wakuti amene waigwira m'manja mwalamulo ndiye mwini katundu, ngakhale sadagwirepo khasu.

Ndimalingalira nthawi zina kuti Nowa akadakhala wa mbadwo uno, chigumula chikadampeza ali pamzere, akufunafuna chiphaso cha njovu yaikazi, ndipo nkhunda ija ikadabwezedwa pazenera chifukwa cholowetsa tsamba la azitona losapimidwa. Komabe tisanamizire makono okha, pakuti ngakhale Nehemiya, woperekera chikho wa mfumu Aritasasta, sadanyamuke kukamanga malinga a Yerusalemu wopanda makalata opita kwa akazembe a tsidya lija la mtsinje, ndi ina ya kwa wosunga nkhalango yopempha mitengo. Matope amenewa ndi akale ngati mvula imene.

Tsono ndiulule tchimo langa, pakuti wobisa matenda maliro adzamuulula. Mlamu wanga, poona kuti m'banja mwathu wosukulu ndine, adandipatsa ulemu wolemba mndandanda wa matumba. Ndipo ine, nditakhala pampando wa ndalema, magalasi ali pamphuno, ana atathamangitsidwa kuti asasokoneze nzeru, ndidalemba 408 m'malo mwa 480. Mapepala ena onse ankaimba nyimbo imodzi, langa lokha nkumaimba yake. Thiraki idagona pachipata masiku atatu, mwini wake akuwerengera tsiku lililonse ndalama, dalaivala akutha mbatata ndi nkhuku za m'malire pa ngongole yathu. Ndipo ajenti adatilangiza mofatsa kuti tithokoze kuti cholakwacho chagwidwira pafupi, popeza banki yolipira kudzera m'kalata ya ngongole siona nandolo, sinunkhiza thumba, siluma njere: imawerenga mapepala okha, ndipo manambala awiri akasemphana ikhoza kumana munthu ndalama katundu ali bwinobwino m'sitima. Mlamu wanga sadandinyoze, adangondiyang'ana nthawi yaitali, nati, “Alamu, matumba 72 amene mwadya ndi cholembera, mukadandigawirako ngakhale msuzi wake.”

M'masiku atatu amenewo, tulo titandithawa, ndidafika pozindikira chimene mapepalawa ali. Kumudzi, munthu akagulitsa mbuzi, mboni ndi mudzi wonse: aliyense adziwa make wa mbuziyo, khola lake ndi munda umene idaonongapo. Koma mlamu wanga ndi wogula wa ku Mumbai sadadyerepo m'mbale imodzi, sadzakumana pamaliro, ndipo palibe nyakwawa imene ingawaitanire pabwalo limodzi. Wina aopa kutumiza mbewu asanaone ndalama, wina aopa kutumiza ndalama asanaone mbewu. Pakati pa mantha awiriwa paima mapepala, ndiwo ankhoswe a katundu: wina anena za mtundu wake, wina za thanzi lake, wina za chuma chimene chidzabwere. Ankhoswe, monga tonse tidziwa, amachedwa kufika, amakonda nkhuku, ndipo salola kudumpha mwambo ngakhale umodzi. Koma ukwati wopanda iwo umatchedwa wolowana, ndipo katundu wopanda iwo amatchedwa wozembetsa, amene njira yake ndi ya usiku ndipo mathero ake ndi kulandidwa. Sindikukana kuti ankhoswe ena achuluka mopitirira, ndi kuti zikadakoma akadakhala onse pakhonde limodzi m'malo motiyendetsa mzinda wonse. Koma safunsa adadya phula, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndalama zidafika dzinja litayamba, zochepako pang'ono chifukwa cha masiku atatu aja, koma zoposa zimene sikelo ya venda ikadalola. Chaka chino mlamu wanga wawonjezera munda, ndipo ndidampeza dzulo atayang'ana kumwamba, akuitana mitambo ya ku phiri la Mulanje ngati munthu amene sadatererepo. Nditamkumbutsa mwambi uja, adaseka, nalowa m'nyumba, natulutsa chikwama chachikopa chosungiramo mapepala, nati amenewo ndiwo majombo ake a m'matope. Za mlembi, adati wapeza kale wina: mdzukulu wake wa Sitandade 6, amene amawerenga nambala kawiri asanailembe. Ine andipatsa udindo wolemekezeka wosoka matumba.