Khoswe wa pa mkhate ndi loko wa ku Hollywood

Makolo athu sadaoneko Blu-ray, koma mlandu wake adaugamula kalekale pomwe adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukam'ponyera chibonga, iye wadumpha, chophwanyika ndi mkhate wako womwe. Mabwana a ku Hollywood akadakhalako pabwalo la agogo, bwenzi atapulumutsa ndalama zankhaninkhani.

Nkhondo yawo ndi makoswe idafika pa DVD mu 1996. Adaikamo loko wotchedwa CSS kuti munthu asakopere filimu. Pofika 1999, mnyamata wa ku Norway, Jon Lech Johansen, yemwe kwathu kuno akadakhala akulimbana ndi Fomu 2, adathandiza kutulutsa kapulogalamu kotsekula lokoyo. Adamutengera kukhoti, koma mu 2003 khoti lidati alibe mlandu.

Mabwanawo sadagwe mphwayi. Pobwera ndi zimbale za zithunzi zowala kwambiri, HD DVD ndi Blu-ray, mu 2006, makampani asanu ndi atatu, kuphatikizapo Sony, Toshiba, Disney, Intel ndi Microsoft, adali atapangana kale za loko watsopano wa AACS. Pamapepala lokoyu ndi woopsa, moti kuyesa makiyi ake onse mmodzimmodzi ungakalambe, adzukulu ako n'kukalambanso. Koma adaiwala kanthu kamodzi. Kuti filimu ioneke, kiyi ayenera kukhala m'makina a woonerayo, m'nyumba mwake, usiku ndi usana. Chaka chisanathe, wina wodzitcha muslix64 adangofufuza m'kompyuta filimu ikusewera, n'kupeza makiyi ali poyera. Kumayambiriro kwa 2007 kudatulukanso kiyi wamkulu wa zilembo ndi manambala 32, woyamba ndi 09 F9. Maloya atalemba makalata oopseza aliyense womufalitsa, anthu adayamba kumusindikiza pa malaya, ena mpaka kumuimba nyimbo.

Tsono taonani kumene chibonga chimagwera. Tiyerekeze bambo wa ku Area 10, wa mpanda wa njerwa, waya wamagetsi pamwamba, agalu awiri ndi mlonda. Iyeyu sakhudza chakuba. Makina ake adagula ku Johannesburg, lisiti akusungabe. Mwana wake wamutumizira chimbale chenicheni kuchokera ku America. Alendo akhala pa sofa, mtedza uli pa tebulo, bambo aika chimbale, makina akukana. Chifukwa chake n'chakuti eni mafilimu adaligawa dziko lapansi ngati minda: America ili m'chigawo A, Africa ndi Ulaya m'chigawo B, ndipo chimbale cha uku sichisewera uko. Pa DVD ndiye zoseketsa, chifukwa Malawi ali m'chigawo 5 pomwe South Africa, komwe timagula pafupifupi chilichonse, ili m'chigawo 2. Tsiku lina makinawo apempha kuti awalumikize pa intaneti, ati makiyi asinthidwa. Chimbale chikalola kusewera, ayambe wawerenga chenjezo lalitali loti kuba n'koipa, losatheka kulidumpha. Amene akulalikidwayo ndi yekhayo amene adalipira.

Tsikirani ku Old Town, cha ku Malangalanga, kufupi ndi depoti. Mnyamata wayala zimbale m'timapepala tapulasitiki, chilichonse chili ndi mafilimu khumi kapena kuposa, akarate, a ku Nigeria ndi ankhondo pamodzi. Chigawo? Iye amadziwa chigawo chapakati, chakumwera ndi chakumpoto basi. Chimbale chake chimasewera pa kamakina kalikonse ka ku China, chenjezo adalichotsa kuti malo akwanire. Ena adapita patsogolo, filimu ya ku Hong Kong ikulankhula Chichewa, msilikali akufunsa mnzake ngati wadya nsima. Ntchito imeneyi Hollywood sidaiganizepo n'komwe. Masiku ano ngakhale chimbalecho chikutha ntchito: umangopereka fulashi kapena memore khadi, n'kunena kuti "mundiikiremo zatsopano, achimwene," iye n'kufunsa ngati mukufuna sizoni yonse.

Pakati pa awiriwa pali wa ku City Centre, wa tayi ndi fayilo m'khwapa. Masana ali pa msonkhano mu hotela, akuwomba m'manja kuti umwini wa luso ulemekezedwe. Madzulo, alawansi ili m'thumba, waimika galimoto ku Old Town, watsitsa galasi pang'ono, akutumiza mwana kuti akam'tengere sizoni yachitatu.

Tisaseke mopitirira, chifukwa khosweyu sadya za Disney zokha. Amadyanso za woimba wa ku Kawale amene adagulitsa njinga kuti alipire situdiyo, chimbale chake n'kupezeka pamsika iye asanachikhazikitse. Disney ikaberedwa imadandaula m'malipoti a pachaka, koma uyu amagona ndi njala. Bungwe la COSOMA, lomwe lidayamba ntchito mu 1992, lidayesa zomata zonyezimira pa makaseti ndi zimbale zenizeni, apolisi n'kumalanda zabodza. Makoswe adangosamukira mseu wina.

Kenaka kudabwera nzeru yomwe ine ndimaivulira chipewa. Lamulo la umwini wa luso la 2016 lidatsegula njira yoti zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu zikamalowa m'dziko muno zizilipira kandalama, kenaka COSOMA izigawira eni luso. Kunena kwina, boma lidaona kuti mlenje watopa, ndipo lidaganiza zongomulembera khoswe msonkho. Sikuti zonse zalongosoka, oimba amadandaulabe za kagawidwe, koma palibe amene filimu yamukanira pamaso pa alendo chifukwa cha lamuloli.

Toshiba idasiya kupanga HD DVD mu 2008, ndipo amene adagula makina ake adatsala nawo ngati chokongoletsa pa kabati. Bambo wa ku Area 10 tsopano amalipira Netflix mwezi ndi mwezi, ndipo bando ikatha filimu ili pakati, amaitana mlonda n'kumufunsa mwaulemu ngati ali nayo mbali yomaliza pa foni.