Chigayo cha Mawilo Awiri

Njinga yamoto ya Yamaha DT125 inayamba kupangidwa mu 1974, ndipo amene anakulira kumudzi amaikumbukira: ndi mtundu uja ankakwera alangizi a zaulimi ndi azaumoyo, yaitali msinkhu, yosaopa matope, yosiya kautsi kabuluu m'mbuyo. Masiku ano ku Ulaya njinga zakale zoterezi amazipukuta ndi kansalu kofewa n'kukaziimika pa chionetsero. Mwini danga lino, yemwe ndi mlembi wa nkhani ino, nayenso ali nayo imodzi. Yake sinapiteko ku chionetsero chilichonse, koma ku Ndirande palibe amene saidziwa, ngakhale amene sanaionepo ndi maso. Ana a m'dera anaipatsa dzina loti Chigayo.

Mkuluyu anagula njingayi kwa alamu ake, amene nawonso anagula kwa munthu wokhulupirira kuti phokoso ndiye mphamvu. Chikhulupiriro chimenechi anachilandira limodzi ndi makiyi. Ankati akailiza m'mamawa agalu n'kuyamba kuuwa mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Nasolo, iye n'kumadzimva kuti wafikapo. Ulemu wake unathera pa masamba a maliro oyalidwa pamsewu. Anachepetsa liwiro monga mwa mwambo, koma injini inalibe nazo ntchito za mwambo: amayi a kwaya anasiyira nyimbo pakati, abusa n'kuima kudikira kuti chiyeso chidutse. Madzulo ake kunabwera alandilodi.

"Akulu, musankhepo chimodzi. Nyumba kapena njinga."

Mayi a kunyumba anawonjezera zawo. "Abambo, mwana wa aneba akumadzidzimuka kutulo. Mayi ake asiya kundiyankha moni."

Njingayi sikuti imasokosa mwa mwano chabe. Injini yake ndi ya two-stroke, kutanthauza kuti mafuta amaphulika nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba. Njinga zambiri za kabaza ndi za four-stroke, zimaphulitsa kamodzi n'kudumpha kamodzi. Choncho DT ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pa sekondi iliyonse mwaphulika ka 100, ndipo mpweya wotentha wonsewo umafuna potulukira.

Nzeru yoyamba ya mwini danga lino inali yoti owotcherera adule chimimba chotupa chija chili pakati pa ekizozi, alumikizepo sailensa ya galimoto. Mwamwayi wowotchererayo anali ndi chikumbumtima ndipo anakana. Chimimbacho sichokongoletsa. Chimabweza funde la mpweya kulowera ku injini pa nthawi yake yeniyeni, kuti mafuta osapsa amene amafuna kuthawira mu ekizozi abwerere mu silinda. Amene anakhwimitsa luso limeneli ndi Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany, ndipo pofika 1961 kainjini kake ka 125cc kankatulutsa mphamvu za akavalo 25. Chaka chomwecho wokwera wake, Ernst Degner, anathawa m'dzikomo n'kukalowa ku Suzuki, kumene anakapambana mpikisano wa dziko lonse wa njinga za 50cc mu 1962. Chinthu chimene anthu anathawira nacho dziko, mkulu wa ku Ndirande amafuna kuchidula ndi sowo.

Nzeru yachiwiri inachokera kukhitchini. Anatola waya wokwechera mapoto yense wa m'nyumba n'kumukanikizira ku mapeto a ekizozi ndi chogwirira cha mthiko. Phokoso linatsikadi, ndipo mphamvu zinatsika nazo. Pa chitunda choyamba njinga inayamba kubanika, ana a sukulu n'kumaipitirira wapansi, ena akupereka moni mwaulemu. Injini yotsekedwa potulukira mpweya imatentha ndipo siikoka. Komanso waya wopyapyalayu amapsa. Usiku womwewo anayamba kutuluka ali psuu, kuthetheka m'mbuyo monse, mwezi wa Okutobala, m'mbali mwa mipanda ya udzu wouma. Mapoto anagona osakwechedwa, ndipo nkhani imeneyo kunyumba sinathebe.

Kenaka anachita zimene akanayambira: anakankhira njinga kwa amakaniko achikulire, a m'badwo umene unaphunzirira ntchito pa njinga zomwezi. Madalawa sanayambe ndi sipanala. Analiza injini, napinda kasanza, n'kutseka nako kukamwa kwa ekizozi kwa kamphindi. Ekizozi yabwino ikatsekedwa choncho injini imafuna kuzima. Iyi inapitiriza kulira mosangalala, uku ikuti tsii tsii m'malo osiyanasiyana. Pakhosi, pomwe paipi imalumikizana ndi silinda, panali mzere wa oyilo wakuda wotsetsereka. Gasiketi yake, kamphete ka kopa, inali itaphwatalala kalekale. Kunsi kwa chimimba kunali bowo la dzimbiri limene wina anaphimba ndi chitini cha nsomba, n'kumanga ndi waya. Ku mapeto kwenikweni amakaniko analowetsa chala m'kabowo ka bawuti, n'kuyang'ana mwini njinga mwachisoni.

"Bwana, baffle yanu ili kuti?"

Bwana sankadziwa kuti anali ndi baffle. Ndi kapaipi kobowolabowola kamene kamalowa m'kati mwa sailensa, kogwidwa ndi bawuti imodzi yokha, n'chifukwa chake achinyamata ofuna kumveka amayamba kuzula iko. Timabowoto timamwaza mpweya kuti usatuluke ndi nkhonya imodzi, ndipo ubweya wa fibreglass wokulunga kunja kwake umameza kulira kwa nthetemya kuja kumene kumalasa m'khutu. Pa injini ya two-stroke oyilo amapsera limodzi ndi petulo, ndiye pakapita nthawi ubweyawo umanyowa, n'kuuma gwa ndi mwaye, timabowo n'kutsekeka. Zikatero suumezanso kanthu. Ngakhale njinga imene palibe anaiba kalikonse imafuna kusinthidwa ubweya umenewu.

Kapaipi kakale kanapezeka mu msika, pa mulu wa zitsulo, kali bii. Amakaniko anakawotcha ndi moto wa gasi mpaka mwaye unasanduka phulusa, anakagogoda pa mwala, n'kutokosa bowo lililonse ndi msomali. Ntchito yokulunga anapatsa mwini njinga, mwina pofuna kuti aphunzirepo kanthu. Amati ukulunge mokwanira koma usafinye kwambiri, chifukwa ubweya wothinana umasiya kumeza phokoso. Ukatha umange ndi kawaya kuti usasunthe. Zoti fibreglass imayabwa anamuuza atamaliza. Anakwera minibasi tsiku limenelo akudzikanda mikono, anzake a pampando akusunthira kuwindo.

Mwana wake wamkulu, yemwe ali ku sekondale, anabwera ndi foni yoyezera phokoso. Akatswiri poyeza amaika choyezera masentimita 50 kuchokera kukamwa kwa ekizozi, chopendekera pa madigiri 45, osati kuchilowetsa m'paipi monga ankafunira bambo ake. Manambala a ma decibel ndi onyenga: akatsika ndi 10 okha, khutu limamva kuti phokoso lachepa ndi theka. Ndipo munthu wokhala maola 8 tsiku ndi tsiku m'phokoso lopitirira 85 amayamba kugontha pang'onopang'ono. Apa mayi a kunyumba anagwedeza mutu, ati tsopano amvetsa chifukwa chake nkhani ya ndalama za ndiwo amachita kuibwereza.

Gasiketi yatsopano italowa, bowo litawotchereredwa, amakaniko anamuuza ayende kaye ndithu, kenaka anamasula pulagi kuti aone mtundu wake. Kusintha ekizozi kumasintha kapumidwe ka injini. Pulagi yakuda ndi yonyowa ndiye kuti mafuta achuluka, yoyera mbuu ndiye kuti achepa ndipo pisitoni ili pa ngozi. Yake inatuluka yofiirira, ndipo kwa nthawi yoyamba madalawa anamwetulira.

Njinga tsopano ikukwera zitunda bwino kuposa kale, zimene zamupweteka mtima mwini danga lino, poti chiphunzitso cha alamu ake chagwa. Palinso zotayika zina. Kale mayi a kunyumba ankamumva ali kumunsi kwa msika n'kutereka madzi a nsima. Lero amafika moto usanakolezedwe. Mwini golosale akamuitana za ngongole, sangathenso kuloza khutu n'kudutsa. Choipa kwambiri, wayamba kumva zinthu zimene ekizozi inkabisa: tcheni chikukhwekhwereza, zipsepse za silinda zikulira chifukwa timphira take tinagwa, ndiponso kakugogoda kena m'kati mwa injini.

"Imeneyo ndi pisitoni, bwana," anatero amakaniko akupukuta m'manja. "Yakhala ikugogoda kuyambira kale, inu simumaimva chabe. Mubwere pakutha pa mwezi."

Pakutha pa mwezi anayamba kufika ndi alandilodi. Akweza lendi, ati malo ano tsopano ndi abata, ofuna nyumba achuluka.