Pusi wa ku Kopala ndi mpeni wa dokotala

Akuluakulu adati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwambiwo adaulekezera pomwepo ngati nkhani yatha. Sadatiuze kuti pusiyo adadzuka bwanji, adamtola ndani, kapena ngati mawa lake adakweranso mtengo womwewo. Kuno ku Kopala yankho ndi lachidule, chifukwa anzathu a chimbuya, Abemba, salola pusi wakugwa kugona pansi nthawi yaitali. Amagwa mphika uli kale pamoto. Atibwezera ndi nkhani ya mbewa, tikudziwa, ndipo tikuwadikira.

Koma pusi wa masiku ano ndi ife tomwe, ndipo mtengo wake uli ndi nthambi zambiri kuposa mkuyu uliwonse wa kumudzi. M'mawa walowa mu Chisokone ku Kitwe: chikanda ichi chakoma, tute ndi mbalala izi zakoma, ifinkubala za tsabola nazonso zakoma. Masana ali pa Mukuba Mall ndi nkhuku yokazinga. Ntchito yamtengera ku Ndola, ndiye angabwere bwanji osaona nsomba za pa Masala? Madzulo timu ya mpira ya Nkana yagonja, michopo ndi mowa wa Mosi za chipepeso. Nkana ikapambana, michopo ndi Mosi za chikondwerero. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 adapeza kuti mu Zambia pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu anayi alionse ali ndi thupi lopitirira muyeso, ndipo aliyense amene amakwera minibasi ya ku Chimwemwe akudziwa kuti mmodziyo amakhala pampando wa pafupi ndi iwe.

Chasintha ndi kagwedwe. Pusi wakale ankagwa mwangozi, kwaulere. Wa lero amasankha tsiku, amalipira ndalama zambiri, ena mpaka kukwera ndege pa bwalo la Simon Mwansa Kapwepwe kupita ku India kapena ku South Africa, kuti akagone chagada pabedi la ku fiyeta dokotala amchepetse chifu.

Tisaseke kwambiri. Amene amafika pamenepa si wofuna kukongola pa chithunzi cha Facebook. Ndi munthu amene shuga wamkana mankhwala, BP siitsika, maondo akulira, usiku mpweya umaima ali mtulo. Kuyambira mu 1991 madokotala ankalola opaleshoniyi kwa amene BMI yawo (muyeso wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu) yafika 40, kapena 35 ngati pali matenda ena. Mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoniyi adatsitsa malirewo kufika pa 35, ndi 30 kwa odwala shuga. Njira zodziwika ndi ziwiri. Ya gastric bypass, imene Edward Mason adayamba ku Iowa m'zaka za m'ma 1960, imasiya kathumba kakang'ono pamwamba pa chifu n'kukalumikiza ku matumbo. Ya sleeve, imene yafala kwambiri tsopano, imachotseratu pafupifupi magawo 80 pa 100 a chifu, ndipo chotsalacho chimakhala chowonda ndi chopindika ngati nthochi. Taonani nkhanza zake: pusi kumusiya ndi nthochi imodzi, nayonso yosadyeka.

Ndiye tsiku likamayandikira, munthu amayamba kukayika. Sawopa mpeni, sawopa mankhwala ogonetsa. Funso limene limamdzutsa pakati pa usiku ndi lakuti, "Kodi nsima ndidzadyanso?"

Ine funso limeneli sindilitcha dyera. Munthu wa ku Kopala akamafunsa za nsima, akufunsa za mbiri ya kwawo. Agogo ake adabwera ku migodi ya Nkana ndi Roan Antelope nthawi imene kampani inkapereka phoso la ufa, nyemba ndi nyama ngati gawo la malipiro. Mu December 1986, boma litachotsa thandizo pa ufa wa breakfast mtengo n'kukwera kuposa kawiri, ndi m'matauni omwewa mmene anthu adalowa m'misewu. Anthu 15 adafa, ndipo Kenneth Kaunda adabweza mtengo wakale. Mwana wa anthu amene adagonjetsa boma pa nkhani ya ufa, lero mukumuuza kuti mtanda umodzi wa nsima udzamkwanira masiku awiri. Mpatseni mpata adandauleko.

Komanso kuno chakudya ndi chimene timalankhulira zimene pakamwa sipatha kunena. Mkamwini asanalowe m'banja, akuchikazi amamtengera chilanga mulilo, mbale zambirimbiri pamitu, ng'oma zikulira, kumuonetsa zonse zimene azidya m'nyumba mwake. Akasunga bwino mwana wa eni, amamchitira matebeto. Palibe mpongozi amene adanenapo kuti "timakukondani, bambo". Amangowonjezera chiwalo cha nkhuku m'mbale. Tsono tayerekezani mkamwini amene wabwera ku opaleshoni, mbale zonsezo zayalidwa, iye n'kutulutsa kasipuni ka tiyi. Madzulo omwewo nkhani yafika ku Chifubu kuti mwana wathu adakwatiwa ndi munthu wonyada.

Pothawa chisoni chimenechi, ambiri amachita maliro a chakudya. Amalemba mndandanda wa zonse zimene akutsanzikana nazo, n'kuyamba kuyendera chimodzichimodzi ngati munthu wopita ku Joni. Lero kutsanzika T-bone. Mawa kutsanzika vitumbuwa. Mkuja kubwereranso kwa T-bone, poti dzana sanatsanzikane bwino. Maliro ake ndi achilendo, chifukwa wolira ndi yemwe akudya malemu. Apa mpamene mwambi uja umaluma zenizeni: pusi wadziwa tsiku limene agwe, ndiye akuthamangira kumaliza mtengo wonse.

Tsoka lake, dokotala amafuna zosiyana ndi zimenezo. Kwa masabata awiri kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike, wodwala amaikidwa pa chakudya chochepa mafuta, shuga ndi zokhutitsa, kuti chiwindi chiphwe. Chiwindi chimakhala pamwamba pa chifu, ndipo chikatupa ndi mafuta chimatchinga pamene dokotala akufuna kugwira ntchito. Amene wachita maliro mpaka usiku womaliza angathe kudzuka n'kumva kuti opaleshoni yalephereka, ndalama ya ndege itapita kale.

Nanga yankho la funso lija? Nsima adzadyanso, koma osati msanga, ndipo osati monga kale. Masabata oyamba ndi zamadzimadzi zokhazokha, kenako zopota ngati phala la mwana, kenako zofewa, ndipo chakudya cholimba chimabwera patapita mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri. Ndiwo ndi zimene zimayamba kulowa, nsima pambuyo ngati malo atsala, zimene kwathu ndi kutembenuza dziko. Kumwera madzi pakudya kumaletsedwa. Umadikira mphindi 30. Zakumwa za gasi amati uzisiye, ndipo mowa pang'ono umakugwira ngati wamwa wambiri. Ukaba zotsekemera, makamaka pa bypass, thupi limakugwira lokha: thukuta, mseru, chizungulire, mtima kugunda, ulendo wa kuchimbudzi. Mavitamini monga B12, ayironi ndi kashiyamu ndi a moyo wonse. Amene angakuuzeni kuti opaleshoniyi ndi njira ya aulesi, muuzeni ayese kutafuna kachidutswa ka nsomba mpaka kusungunuka anzake akutema nsima.

Pali chinthu chimodzi chimene wokayika sangachimve ali kuno kutsidya lino. Akamaganiza za mawa, amadziona ali ndi njala ya lero ndi mbale ya mawa, ndiye mantha. Koma njala nayo ili ndi kochokera. Mu 1999 asayansi a ku Japan adatulukira ghrelin, timadzi timene timauza ubongo kuti nthawi yakudya yakwana, ndipo tambiri timapangidwa m'gawo la chifu limene sleeve imachotsa. N'chifukwa chake ambiri, makamaka chaka choyamba, amadabwa kuti akhuta ndi zochepa ndipo sakusirira. Lilime silidulidwa. Ifisashi imakomabe. Chimene mpeni sufikako ndi kudya kwa mkwiyo, kwa kusungulumwa ndi kwa chipepeso cha Nkana chija, ndipo amene sakonza zimenezo thupi limatha kubwereranso patapita zaka. Kukayika koteroko kukanenedwe kwa dokotala ndi kwa mlangizi wa zakudya tsiku lisanafike, osati kwa wowotcha michopo, amene malangizo ake timawadziwa kale.

Vuto lotsala ndi ife oonerera. Tidamuseka ali wonenepa, kumutcha bwana, kumufunsa kuti mwanayo abadwa liti. Akaonda mwamsanga tidzanong'onezana zina, chifukwa m'matauni ano anthu akadakumbukira zaka za m'ma 1990, pamene kuonda kunali uthenga wa maliro. Munthu mmodzi yemweyo, miseche iwiri.

Choncho inu amayi a ku Wusakile, inu apongozi a ku Lubuto, inu anzake a pa bala: akabwerako, mpando wake usachoke pathebulo. Muikireni m'kambale kakang'ono, yambani ndi nsomba, ndipo akati wakhuta mukhulupirireni. Musamuuze kuti "kamodzi kokha sikapha". Chotsalacho idyani ndinu, ndipo mukamaliza mukayezetseko BP pa chipatala cha pafupi.