Ulemu kwa Agogo a Pentium

Mzinda wa Lilongwe suumira zikumbutso. Kamuzu ali ndi chiliza pafupi ndi Nyumba ya Malamulo komanso chiboliboli ku Area 18, asilikali a nkhondo zikuluzikulu ali ndi nsanja yawo komweko, Bingu ali ndi bwalo la mpira ndi holo ya misonkhano. Koma pali wantchito wina amene watumikira mzinda uno osapempha alawansi, osafunsa za kukwezedwa, ndipo palibe ngakhale kanjira kafumbi kotchedwa dzina lake. Ndikunena kompyuta yakale, yotuwa ija, ya monita ya chinkhongo chachikulu, imene ana a lero akaiona amafunsa kuti rimoti yake ili kuti. Ine ndimaitchula kuti agogo, ndipo nanunso muzitero mpaka nkhaniyi ithe.

Kumaiko a azungu, kukonda agogowa ndi masewera a anthu okhuta. Bambo wa imvi zake amayenda mtunda wautali kukagula Commodore 64 kapena ZX Spectrum, makina a 1982, n'kutha Loweruka lonse akuwapukuta ndi thonje kuti aonenso kagemu kamene ankasewera ali mwana. Mu 2014, pa okushoni ya ku New York, kompyuta imodzi ya Apple-1, ya mtundu umene unatuluka mu 1976 pa mtengo wa madola 666.66, inagulidwa madola 905,000. Ife kuno masewera omwewo timachita Lolemba mpaka Lachisanu popanda wotijambula, ndipo timati tikupita kuntchito. Kalaliki wa pasukulu amene akutayipa mayeso pa Windows XP sadziwa kuti akanakhala ku London bwenzi ali m'magazini.

Ambiri mwa agogowa safika kuno ali makanda. Amabwera atapuma kale ntchito kubanki kapena kusukulu ya ku Ulaya, n'kukwera kontena kudzera ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ena akadali ndi kachomata konena kuti ndi katundu wa ofesi ina yake ya ku England. Ena anabwera atsopano ndi mabungwe a ku City Centre, n'kukhala zaka zambiri m'chipinda chozizira bwino, akulemba malipoti ofotokoza umphawi wathu. Pulojekiti ikatha kumabwera okushoni: mipando yothyoka miyendo, mafiriji, matayala akutha, agogo ataunjikidwa pakona. Bwana wa ku Area 10 kapena 43 amagulako mmodzi kuti ana aziphunzirira. Anawo akalandira laputopu, agogo amasamukira kugalaja, kenako kwa alonda, amene amawakweza pakabaza kupita nawo ku Kauma, kunyumba yopanda magetsi, kumene mayi wa m'nyumbamo amawafunditsa kansalu koluka n'kuwakhazika pamalo aulemu pabalaza. Ya lendi ikavuta, ulendo umakathera ku Old Town. Nditchulireni nzika ina imene inagonapo m'magulu onse a mzinda uno, kuyambira kumayadi mpaka kumsika wa Tsoka. Andale amangoyerekeza nthawi ya kampeni.

Ku Old Town n'kumene amayambiranso ntchito. Yendani mumsewu wa Malangalanga kapena mozungulira depoti, mudzawapeza pakabenchi, mbali imodzi ya bokosi lawo itachotsedwa kuti azipitidwa mphepo, akuthira nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi a anthu. Ena ali m'timaofesi totayipa makalata, akutulutsa mapulogalamu a ukwati m'mawa, a maliro masana. Mabwana ambiri amene lero amayenda ndi laputopu yopyapyala m'khwapa, kalata yawo yoyamba yofunsira ntchito anawalembera ndi agogo, koma akakumana nawo amayang'ana kumbali.

Mlandu waukulu umene amawaneneza ndi wakuti ndi ochedwa. Sindikana. Mukadina batani, amayamba atsokomola kaye, fani n'kuyamba kulira, hadi disiki n'kukukuta mano, kenako kumveka "biip" kamodzi, kutanthauza kuti adzuka bwino. Kuchokera pamenepo mpaka Word atseguke pali nthawi yokwanira kupereka moni kwa aliyense mu ofesi, kufunsa za odwala kunyumba, kutereka madzi a tiyi, n'kudandaulako za Silver Strikers. Makina atsopanowa, amene amayaka musanakhale n'komwe pampando, ndiwo atha moni m'maofesi. Komanso magetsi akathima, agogo amathima nawo pomwepo, limodzi ndi mtundu wonse, pamene laputopu imapitiriza kuwala yokha mumdima mopanda manyazi.

Chimene ndimawakondera kwambiri ndi china. Mkati mwawo muli kabatire kozungulira, CR2032, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi makina akazimitsidwa. Kakatha mphamvu, agogo amadzuka m'mawa uliwonse ali ndi chikhulupiriro chonse kuti lero ndi mu January chaka cha ubwana wawo. Anga amaumirira 2002. Kwa iwo pulezidenti akadali Bakili Muluzi, K500 ndiyo ndalama yaikulu koposa, dola imodzi sinafike K100, ndipo zoti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 palibe anawauza. Kabatireko n'kotchipa, ngakhale okonza mawotchi amakhala nako, koma ine ndinakana kukasintha. Panyumba pamafunika pakhale mmodzi wosangalala.

Za kukhulupirika ndiye musafunse. Mu 2013, ndalama za boma zikutuluka kudzera m'makompyuta a boma a IFMIS, anthu akugwidwa ndi mamiliyoni m'mabuti a galimoto, kodi munamvapo kuti disiketi yatengeredwa kukhoti? Disiketi imanyamula 1.44 MB basi, moti chithunzi chimodzi cha foni yabwino ya lero sichikwanamo. Wakuba angabisemo chiyani? Agogo opanda intaneti sapita pa Facebook kukatukwana anthu, satumiza uthenga wakuti ndalama ija muike pa nambala iyi. Tchimo lawo ndi Solitaire yekha, amene Microsoft inaika mu Windows 3.0 mu 1990 kuti anthu azolowere kugwira mausi. Tinazoloweradi, ena mpaka anapuma ntchito akuzolowerabe.

Koma kuti muwadziwe bwino agogo, muwaone akudwala. Mmisiri wa ku Old Town safunsa zambiri. Amamasula bokosi, n'kutuluka nalo panja, n'kulipemerera ndi bulowa. Zimene zimatuluka mmenemo ndi mbiri ya nyumba zonse zimene agogo anakhalamo: chifumbi chofiira cha mu October, mapiko a mphemvu, kanyumba kadothi ka mavu, nthawi zina nalimata wouma amene anakagona pamalo olakwika. Amayi ogulitsa nthochi pafupi amakuwa, akuphimba katundu wawo ndi chitenje. Akabwerera mkati amatchera khutu, chifukwa agogo amanena okha pamene pakupweteka: kulira kamodzi ndi moyo, kulira kobwerezabwereza kawirikawiri ndi RAM. Amaizula, n'kupukuta timano take tagolide ndi labala wa pensulo, n'kuibwezeramo mpaka imveke kuti "tha". Kenako amayang'ana makapasita. Otupa pamutu, ena atatuluka utomoni wofiirira, ndiwo nthenda imene inagwira makina ambiri opangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo Dell OptiPlex GX270 inatchuka nayo. Amawasungunula miyendo ndi chowotcherera n'kuikapo ena amene anazula pa wailesi yakufa. Dzimbiri amalitsuka ndi mswachi woviika mu spiriti.

Ndinamvako mmisiri wina akulangiza kasitomala, chala chili pa kaswitchi kofiira kumbuyo kwa bokosi.

"Bwana, aka musamakagwire. Kakakhala pa 115, inu n'kulumikiza kumagetsi athu a 230, mudzangomva phuu, utsi tolo."

"Nanga kukonza ndi zingati, amisiri?"

"Tiyambe taona ngati adzuke. Akakana, mungondisiyira mtembowo, ndiwo malipiro anga."

Pansi pa benchi lake panalidi mitembo yosanjikizana, ndipo palibe umene unali wathunthu. Agogo mmodzi wamoyo amayenda ndi ziwalo za anzake angapo: bokosi la Compaq, hadi disiki yochokera mu IBM, fani ya Dell yomangidwa ndi waya. Madokotala athu sanafike pamenepa.

Amene amakonda kunena kuti tsabola wakale sawawa sanatsegulepo monita ya chinkhongo. Imene ija imagwira ntchito ndi mavoti opitirira 20,000, ndipo imatha kusunga mphamvu ina ngakhale mutaizula kukhoma. Mmisiri wodziwa amayamba waitsitsa mphamvuyo ndi sikuludiraiva yolumikizidwa kuchitsulo, dzanja lina ataliika kumbuyo. Wosadziwa amaphunzira tsiku lomwelo, ngati apatsidwa mpata wophunzira.

Wina asaganize kuti zonsezi ndi nthabwala zokhazokha. Ku America kunali kamakina kotchedwa I-Opener, kamene kampani ya Netpliance inkagulitsa madola 99 cha m'ma 2000, ikuyembekeza kudyera pa ndalama ya intaneti ya mwezi ndi mwezi. Malondawo anakanika, timakinato n'kusanduka zotaya. Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anatigula motchipa pa eBay, n'kutiika galasi logwira ndi chala, ndipo mu 2001 tinayamba ntchito yolembera odwala kumbali ya ana pa Lilongwe Central Hospital, imene lero ndi Kamuzu Central. Kalaliki amene sanagwirepo kiyibodi ankangodina pagalasi, kachomata ka dzina ndi nambala n'kutuluka, n'kumatidwa pabuku la kuchipatala. Eni ake kwawoko anali atatitaya, kuno tinkagwira ntchito m'chipatala chachikulu cha likulu la dziko.

Adani a agogo alipo, ndipo ena ndi akuluakulu. Microsoft inalengeza kuti yasiya kusamalira Windows XP mu April 2014, Windows 7 mu January 2020, Windows 10 mu October 2025. Makalata a imfa amenewa agogo sanawalandire, poti alibe intaneti, ndiye akupitiriza kukhala moyo. Mdani woopsa kwenikweni ali panyumba. Mwamuna aliyense amene wagwidwa ndi nthenda yotola makinawa amawadziwa mawu aja a mkazi wake: "Abambo, zinyalala zanuzi zituluka liti muno? Alendo akabwera agona pati?" Amawonjezeranso kuti monita imodzi imamwa mayunitsi kuposa mababu onse a m'nyumba, ndipo apa, tinene chilungamo, masamu awo ndi olondola. Yankho loti tsiku lina zimenezi zidzagula nyumba ku Area 47 limagwira ntchito chaka choyamba chokha.

Ngakhale pa imfa agogo sapita chimanjamanja. Anyamata amawasenda nthambo n'kuziwotcha kuti apeze kopa wokagulitsa pasikelo, akupuma utsi wakuda umene palibe amawalipira. Galasi la monita lili ndi mtovu, ndipo likasweka kumtaya wa ku Area 38 kapena m'ngalande yotsikira mumtsinje wa Lilongwe, mtovuwo umatsala nafe. Amene anatitumizira agogo m'kontena anapeputsa mtolo wawo, ife n'kuwathokoza pamwambo wokhala ndi zokamba ndi zithunzi. Koma tisawononge chitamando ndi zimenezi. Chigoba cha monita chimakwana bwino nkhuku yofungatira.

Odala ndi agogo a m'masitolo a maofesi a boma, amene saloledwa kufa. Katundu wa boma satayidwa mpaka komiti ikhale pansi n'kulemba kuti watha ntchito, ndipo komitiyo imafuna tsiku, chipinda ndi alawansi. Ndiye amangokhala mmenemo mizeremizere, manambala olembedwa ndi utoto pamsana, akudikira chigamulo zaka ndi zaka, mofatsa kuposa wodikira penshoni aliyense.

Ndipo saiwala. Mafayilo a mapepala amadyedwa ndi chiswe, ena amamera miyendo mlandu ukayandikira, koma hadi disiki imene palibe anaifufuta imasunga zonse. Agogo ena amene ndinagula pa okushoni nditawadzutsa ndinapezamo ndandanda wa malipiro a ofesi yonse, maminitsi a misonkhano, zithunzi za pa chinkhoswe, ndi foda ina yolembedwa kuti Bajeti, momwe munalibe bajeti koma makalata okoma opita kwa munthu amene sali pa zithunzi za chinkhoswe zija. Mwini wake asade nkhawa, pakhomo pano timasunga pakamwa, ine ndi agogo omwe. Kungoti kiyibodi ya pulagi yozungulira ija ikusowa masiku ano, ndipo ngati ali nayo kugalaja, tikhoza kumvana.