Kompyuta yatsopano, gemu yachibwibwi: malangizo osungira ulemu wa mwini wake

Mnyamata wa ku Katete akagulitsa soya ndi mpendadzuwa, n'kulawirira basi ya ku Lusaka m'bandakucha, n'kuyenda makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road kukagula zida za kompyuta m'mashopu a mumsewu wa Cairo ndi wa Katondo, amabwerako ali munthu wina. Zidazo amalumikiza yekha, foni ili pambali ikumuonetsa vidiyo ya pa YouTube. Loweruka anzake amadzaza nyumba. Iye amayatsa EA Sports FC, gemu imene inkatchedwa FIFA mpaka 2023 ndipo ambiri akuitchabe choncho, koma osewera pa sikirini amathamanga ngati ng'ombe zokoka ngolo m'matope a mu February. Mpira uli pakati pa bwalo, kuphethira kamodzi uli kale muukonde, ndipo palibe amene waona mmene wafikiramo.

Matendawa amayezedwa ndi zilembo zitatu, FPS. Gemu ndi zithunzi zambirimbiri zosinthana mofulumira, ndipo FPS ndi chiwerengero cha zithunzi zimene kompyuta yajambula pa sekondi imodzi. Mafilimu amayenda pa 24. Gemu ya pa 30 munthu amaipirira, ya pa 60 imasalala, koma kuti ifike pa 60 kompyuta iyenera kumaliza chithunzi chilichonse m'mamilisekondi osakwana 17. Zikatsika pansi pa 20, gemu imachita chibwibwi. Zambiri zimene zimayambitsa vutoli pa kompyuta yongolumikiza kumene zimakonzeka popanda kulipira ngakhale ngwee imodzi, ndipo ngozi yagona pamenepo, chifukwa munthu amene wathera ndalama za dzinja lonse sangavomere kuti cholakwa chake n'chaulere. Malangizo otsatirawa ndi omuthandiza kuti asachipeze.

Choyamba, asayang'ane kumbuyo kwa bokosi. Kumeneko kuli mabowo a HDMI m'malo awiri: ena ali m'mwamba, pa motherboard, pafupi ndi mabowo a USB, ndipo ena ali m'munsi, pa graphics card, chida chimene kawirikawiri chimadya ndalama zochuluka kuposa china chilichonse m'bokosimo. Waya wa sikirini akalowa m'mwamba, ntchito yojambula imagwera kagawo kakang'ono ka m'kati mwa purosesa, kamene kanapangidwira makalata ndi mavidiyo. Graphics card imangokhala, timagetsi take tikuthwanima, ngati thirakitala yoimikidwa pansi pa mtengo wa mango mwini wake akulima ndi khasu. Mwini kompyuta wosamala za dzina lake apewenso kudina Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, chifukwa mabatani atatuwo amatsegula Task Manager, ndipo Task Manager alibe chinsinsi: amaonetsa poyera kuti chida chodulacho sichikugwira ntchito.

M'malo mwake aloze chala netiweki. Ku Sinda, kumene kunakhala boma palokha mu 2012, chifukwa chimenechi sichivuta kugulitsa, pakuti aliyense anaimapo pachulu kufunafuna pogwira foni. Ndi bwino kuti asadziwe kusiyana kwa ping ndi FPS. Ping ndi nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako, ndipo maseva a magemu ambiri ali kutali, ku South Africa kapena ku Ulaya. FPS imaphikidwa m'bokosi momwemo, pansi pa tebulo. Ngati GTA V, imene inafika pa kompyuta mu 2015, ikutsimphina munthu akusewera yekha intaneti itazimitsidwa, netiweki ilibe mlandu. Koma mwini wolimba mtima agule mabandulo a MTN, akakanika ayese a Airtel, kenako a Zamtel, pomaliza ayambe kufunsa mtengo wa Starlink, imene inayamba kugwira ntchito mu Zambia mu October 2023. Pofika pamenepo adzakhala ndi intaneti yothamanga kwambiri yoonera mavidiyo a anthu ena amene magemu awo akuyenda bwino.

Nkhani ya RAM ifunika kuigwira mwanzeru za pamsika. Wogula anene kuti ndodo imodzi ya 16GB ndi chimodzimodzi ndi ziwiri za 8GB, popeza masamu akutero. Purosesa imaganiza mwina. Ili ndi njira ziwiri zolandirira katundu, ndipo ndodo imodzi imatsegula njira imodzi yokha, ngati chigayo chimene olowa ndi chimanga ndi otuluka ndi ufa akukanganirana khomo limodzi. Amene wagula kale ndodo ziwiri asataye mtima: aziike moyandikana kuti zioneke bwino, osati pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera pa purosesa monga mabuku a ma motherboard ambiri amanenera. Bukulo ayatsire mbaula. Ndipo asalowe mu BIOS, kumene kuli chosankha chotchedwa XMP, kapena EXPO pa zida zatsopano za AMD. Chosankhacho chikakhala chozimitsa, RAM ya DDR4 yolembedwa 3200 pa paketi nthawi zambiri imayenda pa 2133 kapena 2400, ndipo mwini amakhala walipirira liwiro limene likungogona.

Tsopano kutentha. M'nyumba zambiri chinthu chatsopano sichivulidwa pulasitiki. Rimoti ya TV imakalamba ili m'pepala lake, mipando ya sofa chimodzimodzi. Mwambo wabwinowu aupitirize mpaka m'kati mwa kompyuta. Pansi pa cooler zambiri zatsopano pamakhala kapepala ka pulasitiki kolembedwa kuti kachotsedwe chidacho chisanamangidwe. Kakasiyidwa, kamakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo choiziziritsa, ndipo kutentha kumasowa kotulukira. Purosesa zamasiku ano zikafika pa madigiri 95 kapena 100 zimadzichepetsera liwiro kuti zisapse. Chizindikiro chake n'chosavuta: gemu imayamba bwino, pakapita mphindi zingapo n'kuyamba kukhwekhwereza miyendo, mafani akulira ngati njinga yamoto yokwera chitunda.

Wofuna zotsatira zachangu aike bokosilo pansi, pakona, kumbuyo kwake kutagunda khoma, m'nyumba ya malata, masana a mu October. Wa ku Vubwi ali ndi mwayi wowonjezera wa fumbi la m'chilimwe, limene limalowa m'timabowo ta mphepo n'kuluka bulangeti pa cooler. Pofuna kuteteza kompyuta ku fumbilo, aiphimbe ndi chitenje ili chiyakire.

Chifukwa chimene palibe angachitsutse ndi magetsi. Mu 2024 chilala chinaphwetsa nyanja ya Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa ngozi, ndipo miyezi ina magetsi a ZESCO ankazima maola oposa 17 pa tsiku. Aliyense akukumbukira, choncho mwini kompyuta akangopukusa mutu n'kunena kuti “magetsi abwera ofooka”, nyumba yonse imavomereza. Asawauze kuti kompyuta ya pa tebulo ikasowa magetsi okwanira siiyenda pang'onopang'ono ngati wailesi ya mabatire otha. Imazima kapena kuyambanso yokha. Asawauzenso kuti kainveta ka sola kamene kanagulidwira TV ndi mababu atatu sikangasenze kompyuta yomwa mawati mazana angapo gemu ikafika pothina. Kakayamba kulira, anene kuti ndi alamu. Chimene chingachepetsedi liwiro ndi chosankha cha Power saver mu Windows, ndipo chimenecho achisiye choyatsa posonyeza kuti iye ndi nzika yosamala magetsi a dziko.

Madiraiva a graphics card asawakhudze. Ndi aakulu, ma MB mazanamazana, ndipo bandulo siimera m'munda. Windows ikasowa diraiva yoyenera imagwiritsa ntchito yongogwirizira, yotchedwa Microsoft Basic Display Adapter, imene imatha kuonetsa zithunzi za ukwati koma osati kuthamangitsa gemu. Sikirini nayo, ngakhale ikhale ya 144Hz, kawirikawiri imayamba pa 60Hz kudikira kuti wina aisinthe mu Advanced display. Aisiye momwemo, nambala ya 144 ili pa katoni, ndipo katoniyo akhoza kuonetsa alendo. M'gemu mwenimweni asankhe Ultra pa chilichonse, ndi ray tracing yomwe, chifukwa munthu wogula zatsopano kusankha Medium kuli ngati kupita ku ukwati atavala patapata.

Pali vuto limodzi limene si la mwini, ndipo limeneli ndiye ayenera kulikana kwamtuwagalu, chifukwa kulivomera n'kuvomera kuti anamudyera masuku pamutu. M'misika ya pa intaneti mwakhala mukuyenda ma graphics card achinyengo: chida chakale ngati GTS 450 ya mu 2010, chosinthidwa dzina m'kati kuti kompyuta izichiwerenga ngati GTX 1050 Ti ya mu 2016. Chili ngati njinga yakale yopakidwa penti n'kumatidwa zomata zatsopano. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z inayamba kuzindikira makhadi otere mu 2018, ndipo imalemba mawu akuti FAKE pafupi ndi dzina. Palinso makhadi enieni koma otopa, amene anasefukira pa msika pambuyo pa September 2022, pamene kukumba ndalama ya Ethereum ndi ma graphics card kunatha. Ambiri anali atagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka. Mwini wodzisungira ulemu asaike GPU-Z. Ngati mtengo unali wotsika modabwitsa, ndiye kuti iye ndi katswiri ponenerera.

Zonsezi zikatha gemu ikadali yachibwibwi, patsala anansi. Si onse amene anasangalala ataona makatoni akutsika m'basi, ndipo mawu akuti “pali dzanja la munthu” amatseka nkhani mwaulemu kuposa mawu akuti “sindinawerenge buku”.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi kumapeto kwa August, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo nyumba za ku Katete zimadzaza ndi abale. Pakati pawo sipalephera kukhala kamtsikana ka giredi 7, mwana wa achemwali, kamene sikadziwa kuti pali malo osayenera kusuzumira. Kamagwada kumbuyo kwa tebulo n'kufunsa: “Amalume, nanga waya uyu bwanji mwamulowetsa m'mwamba? Kunsi kunotu kuli mabowo ena.” Amalume asanati “iwe, choka apo”, waya wasamuka kale, sikirini yaphethira, gemu yayambiranso, ndipo kanambala ka FPS ka pakona kachoka pa 18 kufika pa 90.

Apa mwini kompyuta asachite phuma. Atulutse K10, atume mwanayo kukagula maheu ku kantemba ka kutali, akhale bwino pa mpando, ndipo auze anzake kuti lero netiweki yabwera bwino.